Utsi wa Matimati a Amalume

Woyamba kundiuza nkhani iyi anali dalaivala wa lole ya anyezi, amene ananditola pamsewu mvula itandinyowetsa mpaka m'mafupa. Ine miyendo yanga siidziwa kukhala pamodzi, ndipo aliyense wondikweza ndimamulipira ndi makutu. Iyeyu ankatula anyezi pa kanyumba kena kogulitsa pitsa, choncho anthu a m'nkhaniyi ankawadziwa maso ndi maso. Ndikupatsirani mmene anandipatsira.

*

Pamalopo nyama sinkafika pa pitsa. Ankaikapo matimati, bowa, anyezi, tsabola wosawawa ndi tchizi basi. Wofuna nyama ankalozeredwa kutsidya kwa msewu. Eni ake anali mayi wamasiye, a mawu ochepa koma olemera. Ana awo onse anali atapita kumabanja kupatula mtsikana wotsiriza, amene aliyense, ngakhale makasitomala, ankangomuitana kuti Chitsirizira. Ndiye ankaoda katundu yense ndi kukhala pa kauntala.

Ku uvuni kunali mnyamata womutcha Phulusa, chifukwa nsidze zake zinkakhala mbuu kuyambira m'mawa mpaka potseka. Iye ndi Chitsirizira anali atamvana kale. Chinatsala n'chakuti amalume ake a Phulusa, amene anamulera makolo atamwalira, abwere kudzalankhula ndi mayi. Amalumewo ankalima matimati m'nyumba zamagalasi kumapeto kwa tauni. Pang'ono ankagulitsa pamalopo, koma matimati ambiri a pa pitsa ankachokera kutali, kudera lotentha, pa malole.

Za chibwenzicho mayi ankazidziwa, koma ankachita ngati sakuziona. Munthu wa nsidze zotuwa sanali mkamwini amene ankamulota.

Ndiye kunatulukira Woyeza.

Anali mwana wa mnzawo wa mayi, wophunzira kwambiri, wa manja ofewa. Ntchito yake inali yoyeza utsi ndi mpweya woipa wotenthetsa dziko umene chakudya chimasiya m'mbuyo, kuchokera kumunda mpaka kufika m'mbale. Achinyamata a m'maofesi amene ankadya pamalopo anali atayamba kufunsa zimenezi, ndipo mayi ankafuna kujambulitsa katsamba kobiriwira pa bolodi la zakudya, kuti wolowa aliyense aone kuti pitsa yawo siiwononga dziko.

Tsiku loyamba Woyeza analowa kukhitchini ndi nsapato zopanda fumbi. Anatola thimati limodzi m'kireti, analikweza m'mwamba, n'kulifunsa mwaulemu:

"Kwanu n'kuti, bambo? Nanga munabwera pa chiyani?"

Chitsirizira anaseka mpaka kugwira kauntala. Phulusa ankakudziwa kuseka kumeneko. Kunali kuja kotsekera maso, kuja ankaganiza kuti ndi iye yekha padziko amene amatha kukutulutsa. Anangoima duu, chifosholo chotulutsira pitsa chili m'manja, mpaka m'mphepete mwa pitsa munada bii.

"Achimwene, kukununkha chinachake," anatero Woyeza.

"Ndi utsi," anayankha Phulusa. "Yezani."

*

Kuyambira pamenepo Woyeza sankasowa. Ankakhala pa kauntala ndi kompyuta yake, mutu wake ndi wa Chitsirizira kuyandikana ngati akuwerenga nyuzipepala imodzi. Phulusa ankakanda ufa akuwayang'ana kudzera pa kazenera kotulutsira chakudya, ndipo ufawo ndiwo unkamva nkhonya. Kwa iye munthuyo sanalinso Woyeza. Anali a Utsi.

Masana ena a Utsi anaitana mayi.

"Mayi, cholemera kwambiri pa pitsa yanu ndi tchizi. Ng'ombe zimatulutsa mpweya wambiri."

"Tchizi musayikhudze, mwanangu. Pitsa yopanda tchizi ndi buledi wopaka matimati."

"Ndiye tiyambe ndi matimatiwo. Ndiyenera kukaona minda yake ndi maso anga: amathirira bwanji, feteleza wotani, malole amayenda bwanji."

"Alimi akewo Chitsirizira amawadziwa onse. Mupita limodzi. Ndi kutali, mukagona komweko." Mawu omalizawo mayi anawanena akuyang'ana ku uvuni.

Makasitomala atachepa, Phulusa anamupeza Chitsirizira kuseri, pa mulu wa nkhuni.

"Ukupita?"

"Wamva wekha. Ndi ntchito."

"Ntchito yoseka mpaka kugwira kauntala?"

"Ukufuna ndizikhala ndi nkhope ya pamaliro kuti iwe mtima ukhale pansi?"

"Munthu akucheza ndi thimati, iwe n'kumaona ngati wanzeru. Mawa akakufunsa iweyo kuti kwanu n'kuti, munabwera pa chiyani, udzayankha chiyani?"

"Ndidzati ndinabwera pa phulusa." Anamupukuta nsidze ndi chala, koma Phulusa anabweza mutu. Chitsirizira nkhope inasintha. "Iwe, funso lenileni ndi lakuti amalume ako abwera liti. Ine ndatopa kubisala kuseri kwa nkhuni ngati mbewa."

Analowa. Patapita kanthawi foni ya Phulusa inalira m'thumba la epuloni. *Usamaganize zopusa.* Iye analemba kuti, *Chabwino.* Kunabwera wina: *Chabwino yekhayo basi?* Anayang'ana pa kazenera. Chitsirizira ankalemba ndi dzanja limodzi, linalo likulandira kapu ya tiyi kuchokera kwa a Utsi. Phulusa anabweza foni m'thumba osayankha.

*

Nzeru inamufikira akukoleza moto m'mawa. Ulendo unalipo chifukwa matimati ankachokera kutali. Matimati akakhala a pafupi, ulendo ufa wokha. Ndipo ndani sadziwa kuti chinthu chobwera pa njinga n'choyera kuposa chobwera pa lole yofuka utsi usana wonse?

Tsiku lopuma anathamangira kwa amalume. Anawapeza akumangirira mitengo ya matimati ku zingwe.

"Amalume, mungathe kutipatsa matimati onse a pitsa? Onse, osati kireti imodzi ija?"

"Nyengo yozizira ino? Mwanawe, nyumba imene ndikutenthetsa ndi imodzi. Inayo matimati ake akungogona, sakupsa. Kuti ndikwanitse, ndiye kuti ndiyatse ng'anjo yachiwiri, ndigule malasha ena, komanso azimayi akumsika amene amagula kwa ine ndiwauze asake kwina."

"Yatsani."

Amalume anasiya chingwe, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe sunakondepo matimati anga chonchi. Chavuta n'chiyani?"

Phulusa anayesa kuzungulira, koma munthu amene anakusambitsa uli mwana sungamubisire. Anaulula zonse: a Utsi, kuseka kuja, ulendo wogona komweko. Amalume anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye ukufuna nditseke msewu ndi matimati? Chabwino. Ndiyatsa. Ndipo mayi a mtsikanayo akadzaona kuti banja lathu ndi limene likuwadyetsa, nkhani yako ija idzayenda ngati madzi."

Mawa lake Phulusa anapita kwa mayi, manja kumbuyo.

"Mayi, ndimaganiza za katsamba kaja. Bwanji tisiye matimati a pa lole, tizitenga kwa amalume? Ndi pompano. Amabwera pa njinga, utsi palibe."

Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati mpando umene walankhula.

"Lero waganiza ngati munthu," anatero. Anaimbira alimi akutali kuti ayambe aima.

Ulendo unafa. Phulusa ankaimba likhweru ku uvuni, ndipo pitsa iliyonse inkatuluka yofiirira bwino. Chitsirizira ankangomuyang'ana nthawi zina ndi diso limene Phulusa sankalimvetsa.

*

Matimati a amalume atayamba kubwera, a Utsi anatola limodzi, nalinunkhiza.

"Okongola. Koma awanso ndiyenera kukaona kwawo."

"Kwawo ndi kwathu," anatero Phulusa. "Ndikuperekezani ndekha."

"Nanenso ndipita," anatero Chitsirizira. "Woda ndine."

Anayenda atatu wapansi, m'mawa wozizira, Phulusa ali pakati ngati mpanda. A Utsi akafuna kulankhula ndi Chitsirizira ankachita kusuzumira kutsogolo kwa chifuwa chake.

Atalowa m'nyumba yamagalasi, kutentha kunawamenya kumaso. A Utsi anavula jekete, nayang'ana poti aiike. Chitsirizira anailandira, naikoleka pamkono pake. Phulusa anaiona jekete ija ikugona pa mkono umene iye ankaugwira mobisa kuseri kwa nkhuni, ndipo anatambasula dzanja.

"Bweretsa ndikunyamulire."

"Manja ako ali ndi mwaye. Uidetsa."

Amalume anali pa chisangalalo. Mlendo wophunzira anali asanafikepo m'munda mwawo. Anamuonetsa mizere yonse, kenako anamukokera kuseri.

"Bwerani muone chinsinsi changa. Anzanga onse nyengo ino manja ali m'khosi, ine ndikukolola."

Anatsegula kachitseko kachitsulo. Mkati malasha anali psuu, ndipo mapaipi otentha ankachoka pamenepo kulowa pansi pa matimati. Pambali panali ng'anjo inzake, nayonso ikuyaka, ndi mulu wa malasha wofika m'chiuno.

A Utsi anasiya kumwetulira.

"Bambo, zimenezi zimayaka nthawi yanji?"

"Sizizima! Usana ndi usiku mpaka kutenthe. Thimati ndi khanda, silifuna mphepo."

A Utsi anafunsa mafunso ena ochepa, mawu ali pansi. Kenako anatembenukira kwa Phulusa, ndipo chimene chinamupweteka kwambiri Phulusa n'chakuti m'maso mwa munthuyo munali chisoni, osati chipongwe.

"Achimwene, pepani. Matimati akutali aja amapsa ndi dzuwa, ndipo dzuwa silifuka. Lole imafukadi, koma utsi wake amagawana matimati odzaza lole yonse, lililonse n'kutenga kachidutswa. Awa aliyense akuleredwa ndi malasha. Mmene ndikuonera, pitsa ya matimati awa ikhala yolemera utsi kuposa ija yakale."

"Koma amabwera pa njinga!"

"Njinga ndi mapeto chabe a ulendo wawo."

Amalume anatseka kachitseko kuti gwa.

"Mnyamata iwe, walowa m'munda mwanga kudzanyoza ana anga?"

"Ayi bambo, matimati anu ndi abwino. Nyengo yotentha, ng'anjo zitazima, palibe angawapose. Koma nyengo ino..."

"Tuluka. Tenga jekete yako kwa mwana wa eni akeyo, utuluke."

Pobwerera palibe anayenda pakati. Chitsirizira anali patsogolo yekha.

*

Tsiku loti amalume akalankhule ndi mayi linali litapanganidwa kale izi zisanachitike, ndipo Phulusa anawachonderera kuti asalisinthe.

"Za matimati muzisiye pakhomo, amalume. Mukalankhule za ine basi."

"Ndamva," anatero amalume, koma nsagwada zinali zolimba.

Anafika malo asanatsegulidwe, atavala jekete yawo ya misonkhano, yonunkha m'sutikesi. Mayi anawalandira pa tebulo la pakona, nawathirira tiyi. Chitsirizira anaima kuseri kwa kauntala akupukuta kapu imodzimodzi yomweyo. Phulusa anali pa kazenera kake.

Moni anayenda bwino. Anafunsana za thanzi, za kuzizira, za ana akumabanja. Amalume anakonza kukhosi kuti ayambe. Pomwepo maso awo anagwa pa makireti awo, ataunjikidwa pafupi ndi chitseko, opanda kanthu, otsukidwa bwino ngati mbale zobweza kwa eni.

"Makireti angawa akudikira chiyani apa?"

"Ndimati mukamapita muwatenge," anatero mayi. "Tidzaonana nyengo yotentha. Panopa ndabwerera kwa alimi akutali. Sindingajambule katsamba pa bolodi pamene pansi pake pali malasha."

"Mayi, ine ndinayatsa ng'anjo yachiwiri chifukwa cha inu. Azimayi akumsika ndinawabweza, panopa akugula kwina. Matimati akupsa tsiku ndi tsiku. Ndiwadyetse ndani?"

"Ine sindinakutumeni kuti muyatse. Mwana wanu ndi amene anabwera ndi nzeru imeneyi, akuti akufuna kuteteza dziko."

"Dziko?" Amalume anaseka kuseka kowawa. "Dziko lake liti? Uyu sadziwa n'komwe kuti dziko likutentha kapena likuzizira! Anabwera kwa ine maso ali psuu, akuti amalume yatsani ng'anjo, mwana wa eni ake asapite kukagona kutali ndi mnyamata wa kompyuta uja. Dziko lake ndi ilo laima apolo likupukuta kapu!"

Kapu inasiya kupukutidwa. Amalume anazindikira chimene chatuluka m'kamwa mwawo, koma chinali chitatuluka.

Mayi anaika supuni pa sosala pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti mnyamata ameneyu anasintha katundu wa malo anga, anandiyambanitsa ndi alimi amene ndagula kwa iwo zaka zonsezi, anakuwotchetsani malasha inu, chifukwa choti sakhulupirira mwana wanga?" Anatembenukira ku kazenera. "Ndipo lero mwabwera kudzandipempha kuti ndimupatse mwana yemweyo?"

"Sindinapemphe kanthu," anatero amalume akuimirira. "Ndipo sindipempha. Pakhomo pamene matimati anga sakulowa, mawu anganso salowa." Anatola makireti, nawamangirira pa njinga. Phulusa anawathamangira panja.

"Amalume, chonde..."

"Iwe mwana wa mlongo wanga, ndinakulera ndekha, koma lero wandiyalutsa. Ukafuna wokulankhulira, kapemphe a Utsi akowo. Amatha kulankhula ngakhale ndi thimati."

*

Chitsirizira sanamulankhule. Maoda ankawakankhira pa kazenera osakweza maso. Phulusa analemba mauthenga, ataliatali ndi afupiafupi, ndipo onse ankaonetsa kuti awerengedwa, koma yankho njee.

Ulendo uja unadzukanso. M'mawa wonyamuka galimoto ya a Utsi inaima pakhomo. Phulusa anamva buti ikutsegulidwa. Anasiya moto usanagwire, natulukira kuseri, ndipo anamupeza Chitsirizira pa mulu wa nkhuni, chikwama chili paphazi. Sichinali chikwama cha tsiku limodzi.

"Chonsechi?"

"Alimi aja anakwiya. Matimati athu anawalonjeza kwa ena. Tiyenera kuyenda munda ndi munda kusaka atsopano, ndipo aliyense a Woyeza ayenera kumuyeza. Mayi akuti ndisabwere mpaka nditapeza."

"Ndinalakwa. Ndinaopa. Ukamaseka naye muja, ine..."

"Ukudziwa chimene chikundipweteka?" Mawu ake anali pansi, osanjenjemera. "Ulendo woyamba uja ndinali nditaukana kale. Tsiku lomwe lija tinakangana pano, ndinawauza mayi kuti sindipita, atume alamu anga. Tinakangana mpaka mayi analira. Ndinakulembera kuti usamaganize zopusa. Ukanangofunsa kuti bwanji, ndikanakuuza."

Phulusa anagwetsa maso pa chikwama chija.

"Unandiyankha kuti chabwino. Kenako unapita kukayatsa moto kwa amalume ako." Ananyamula chikwama. "Pano ndikupita, ndipo wandituma ndiwe."

"Ukabwera, tidzakhala bwanji?"

"Sindikudziwa. Wokulankhulira ulibe. Mayi sakufuna kumva dzina lako. Ineyo ndikufuna ndikaganize kumene kulibe munthu wondisuzumira pa kazenera."

A Utsi anatulukira pakona ya nyumba, nalandira chikwamacho m'manja mwake. Kwa Phulusa anangogwedeza mutu mwaulemu. Anamutsegulira Chitsirizira chitseko cha kutsogolo, ndipo galimoto inanyamuka. Phulusa anaima mumsewu mpaka inakhota, akudikira kuti mwina mutu utembenuka. Sunatembenuke.

Atalowa kukhitchini anapeza mayi atagwada patsogolo pa uvuni wake, tepi yoyezera ili m'manja, akuyeza kuchokera kukhoma mpaka pa njerwa.

"Mayi, mukuyeza chiyani?"

"Tagwira uko." Anamupatsa nsonga ya tepi, iye n'kugwira. "Ndafunsa mtengo wa uvuni wamagetsi. Akuti umangofuna kudina batani, ngakhale Chitsirizira angathe yekha. Akabwerako a Woyeza adzandiuza ngati uli woyera kuposa wa nkhuniwu." Anawerenga tepi, osamuyang'ana. "Kokera bwino. Ukupinda."

Phulusa anakoka tepi ija mpaka inawongoka.

*

Apa ndi pamene nkhaniyi inandithera, ndipo sindikubisirani kuti pali pamene ndikukayika. Za malasha ndi dzuwa sindingatsutse, sukulu yanga siinafike kumeneko. Chimene sindikhulupirira n'chakuti mtsikanayo anali ataukanadi ulendo woyamba uja. Palibe wina anamva zimenezo kupatula iye ndi mayi ake, ndipo mayiwo sanafunsidwe. Ndakumana nawo anthu opsa mtima m'maulendo angawa, ndipo ambiri amadziwa kusankha mawu amene angapweteke kwambiri, kaya ndi oona kaya ayi. Mwina ananena zoona. Ine ndekha sindikutsimikiza.